Tsiku lodikira ku Joni: kaoneni mzinda, koma mpamba usalowe m'kasino

Ife ndi anzanu a kuno ku Chitungwiza, a ku St Mary's, Zengeza ndi Seke, ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza, Ntcheu, Mangochi ndi ku Tete kalekale. Msewu wa Harare, Masvingo, Beitbridge mpaka Joni tauyenda zaka zoposa 15. Lero tikufuna tikambirane za tsiku lija limene aliyense wa ife amakumana nalo koma sitimalikamba kawirikawiri, tsiku lodikira.

Mukulidziwa bwino. Mwatsika basi m'mawa, mwathamanga ku Dragon City, ku China Mall, ku Oriental Plaza, koma katundu amene kasitomala wanu analipira kale akuti afika mawa. Kapena basi yadzaza, akuti mukwere ya mawa madzulo. Kwa inu madalaivala, thiraki yaima ku City Deep, mapepala sanatuluke, ndipo ndi Lachisanu masana, ndiye kuti mpaka Lolemba. Muli mumzinda wa eni, m'thumba muli ndalama, chochita palibe. Apa m'pamene amatulukira mnzathu wina wodziwa tauni n'kunena kuti, "Tiyeni tikapitidwe mphepo ku kasino, tikangoona basi."

Maganizo athu ndi awa. Tsiku lotere musangolithera m'chipinda mukuyang'ana denga. Tulukani mukauone mzinda umene mwakhala mukuusiyira ndalama zaka zonsezi. Koma ku kasino musapiteko mutanyamula mpamba, ndipo ngati ndalama zili m'thumbazo ndi za maoda a anthu, musayandikire ndi pageti pomwe.

Tikulankhula chonchi chifukwa zinatichitikira, ndipo ifenso tili ndi mbali yathu pa mlanduwo. Zaka zingapo zapitazo tinanyamuka anthu anayi pa Roadport mu Novembala, nthawi ya maoda a Khirisimasi. Mmodzi wa ife, bambo wa ana atatu, munthu wosalawa ndi mowa womwe, ananyamula R22,000. Zake zenizeni zinali R7,000. Zinazo zinali za chipereganyu cha amayi a mumsewu mwawo, za mabulangete a mayi wina wa kutchalitchi, ndi za chitofu chamagetsi cha aphunzitsi ena. Katundu atachedwa, tinapita ku kasino ina, dzina lake lilibe ntchito pano. Anayamba ndi R200. Pasanathe theka la ola inali R1,900. Ife tinaomba m'manja, tinamujambula ndi foni, ndipo wina mwa ife mpaka anati, "Lero ndi lanu achimwene, musalekere pomwepa." Tinamusiya pamenepo ife n'kupita kokadya. Pobwerako cha m'ma 11 koloko usiku tinapeza munthu ali thukuta kamukamu m'chipinda chozizira, atatsala ndi R3,000, akuti akungofuna abweze zimene zapitazo basi. Tinachita kumukoka.

Ulendo wobwerera unali ngati wa maliro. Makilomita oposa 1,000 munthu ali duu, zikwama zake zili zopindapinda pansi pa mpando. Kufika kuno anauza amayi aja kuti amubera m'tauni. Bodzalo linakhala sabata ziwiri zokha, chifukwa chithunzi chimene tinamujambula akumwetulira pa makina chija chinali chitazungulira kale pa WhatsApp. Anagulitsa malo ake a kumsika ndi firiji ya m'nyumba, ndipo ngongole anamaliza patatha chaka. Koma mpaka lero palibe amene amamutuma oda. Geni yathuyi imayenda ndi kukhulupirirana: munthu amakupatsa ndalama yake ya thukuta popanda pepala lililonse, n'kukudikira sabata yathunthu. Zimenezo zikatha, ngakhale pasipoti ikhale ndi masamba ambiri, ulendo wako watha.

Joni makasino ndi ambiri, ndipo ali mbali zonse zimene timadutsa. Gold Reef City ili kummwera kwa tauni, pafupi ndi dera la Crown Mines komwe ambiri timaoda katundu. Emperors Palace ili ku Kempton Park pafupi ndi bwalo la ndege la OR Tambo, Montecasino ili ku Fourways, Carnival City ili ku Brakpan, ndipo ngakhale m'njira, ku Polokwane, kuli Meropa. Kale, nthawi ya apartheid, wofuna kasino yovomerezeka ankachita kupita kumadera ngati Bophuthatswana, komwe Sun City inatsegulidwa mu 1979. Lamulo la juga la 1996 ndi limene linalola makasino m'mizinda ya dziko lonselo. Choncho ndi mabizinesi ovomerezeka, ali ndi ziphaso, sakubera munthu ndi mpeni. Safunikanso kubera, chifukwa masamu awo amawagwirira ntchito.

Ife a geni masamu timawadziwa, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Gudumu lija la roulette lili ndi timabowo 37, kuyambira 0 mpaka 36. Ukaika R100 pa nambala imodzi n'kuwina, amakupatsa R3,500 ndi kukubwezera R100 yako. Zikumveka zokoma. Tsopano tiyerekeze kuti tilipo anthu 37, aliyense waika R100 pa nambala yakeyake, palibe nambala yatsala. Patebulo pali R3,700. Gudumu lazungulira, mmodzi wa ife wawina, watenga R3,600. Nanga R100 inayo yapita kuti? Yatsala ndi eni nyumba. Lizungulirenso, R100 ina yatsala. Aziwina wa ku Zengeza, aziwina wa ku Lusaka, eni ake alibe nazo kanthu, gawo lawo ndi lomwelo ulendo uliwonse, usana ndi usiku. Makina aja owalawala nawonso anawakonza kuti pa ndalama zonse zolowa, zotuluka zizikhala zochepera. Ife kuti tipeze R100 ya phindu pa bulangete timalipira basi, timalipira katundu, timalipira msonkho, timagona pa mzere pa boda. Iwo amangodikira kuti tikhalitse pampando. Ukakhalitsa, ndalama yomweyo umaibetcha kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse imabenthuka pang'ono mpaka itatha.

N'chifukwa chake m'malo amenewa zonse anazikonza kuti munthu asafulumire kutuluka. Muli mozizira bwino, mipando ndi yofewa, zakumwa zimakupeza pomwe wakhala, ndipo kunja sukuonako. Ku Montecasino denga analipenta ngati thambo, misewu ya m'katimo anaimanga ngati mudzi wa ku Italy, moti ukhoza kuyendamo osadziwa kuti kunja kwada. N'zokongola ndithu, sitikukana. Koma paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tikudziwa zimene ena munene, chifukwa timazimva m'basi. Woyamba amati, "Ndalama ndi zanga, ndinazivutikira ndekha." Ngati ndi zanudi, zotsala mutagula katundu yense, mutalipira basi yobwerera, mutapatula za msonkho, lendi ndi fizi ya ana, palibe angakuletseni. Ndinu akuluakulu. Koma tiyeni tinene zoona: ndi angati mwa ife amene amafika ku Joni ali ndi ndalama yotere? Ambirife ndalama ili m'chikwama ili ndi eni ake kale, ena ndi makasitomala, ena ndi ana athu omwe.

Wachiwiri amati, "Koma ena amawina, ndinaona ndi maso anga." Inde amawina, ndipo mnzathu uja nayenso anawina R1,900. Kuwina koyambako ndi kumene kunamugwira. Akanaluza R200 yoyamba ija akanadzuka n'kutukwana, nkhani n'kuthera pomwepo. Wowina amajambulitsa n'kutumiza kulikonse, pomwe oluza amatuluka mwakachetechete, ndiye ife timangomva mbali imodzi.

Wachitatu ali ndi mfundo yomveka, ndipo tisamunyoze. Amati ku kasino n'kotetezeka, kuli alonda, kuli zimbudzi zaukhondo, kuli poti munthu n'kukhala pansi osaopa kulandidwa foni. Izi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ambiri timakopeka, makamaka amayi amene atopa ndi kukankhana m'misewu ya m'tauni. Yankho lathu ndi lakuti malo otetezeka ku Joni si kasino yokha. Ndipo ngati mwaganiza zopita kukadya kapena kukaonera kanema kumeneko, pitani ndi ndalama ya chakudya yokha, khadi la kubanki ndi mpamba zitsale.

Wachinayi amati, "Zoona malo n'za azungu ndi anthu olemera, ife tabwerera geni." Apa ndi pamene tikutsutsa kwambiri. Mzinda umenewu uli ndi thukuta la makolo athu. Golide anapezeka kumeneko mu 1886, ndipo kuyambira pamenepo amuna ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Rhodesia akhala akutsikira m'migodi yake. Amene mumadutsa ku Blantyre mukudziwa depoti ya mabasi ya Wenela. Dzinalo ndi la bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodi ya ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa zolemba anthu ntchitozo. M'mabanja mwathu muno, ndani alibe agogo kapena amalume amene anapita ku Joni, ena n'kubwerako ndi njinga ndi wailesi, ena n'kusanduka matchona? Ndiye tikafika mumzinda womwewo n'kumangodziwa mashopu a mabulangete ndi makina a juga, tikudzimana tokha.

Chinatitsegula maso n'chakuti patapita miyezi ingapo titabwera ndi mnzathu uja, basi inatisiyanso. Ulendo uno, chifukwa cha manyazi a zimene zinachitika, tinafunsa kwina kopita, ndipo anatilozera ku Newtown, osati kutali ndi Park Station, kungowoloka mlatho wa Nelson Mandela kwa amene akuchokera ku Braamfontein. Kumeneko kuli Workers' Museum, komboni yakale imene inamangidwa mu 1913 kuti muzigona amuna ogwira ntchito za mzinda ochokera kutali. Mabedi ake ndi a simenti, ondandalikana, munthu kugona moyandikana ndi mnzake ngati matumba m'thiraki, ndipo pali kachipinda kotsekeramo olakwa. Mayi wina amene tinali naye anakhala pa bedi limodzi n'kuyamba kulira, akuti agogo ake ankawauza za mabedi amenewa iwo n'kumayesa nthano. Tinatuluka tili chete, koma kukhala chete kwake kunali kosiyana ndi kwa m'basi muja. Tili m'njira m'pamene mmodzi wa ife anatikumbutsa za Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira ku Nkhata Bay, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town, limene linakula n'kukhala bungwe lalikulu la antchito akuda m'dzikomo m'zaka za m'ma 1920. Anthu athu sanangokumba miyala kumeneko.

Ndiye ngati muli ndi theka la tsiku ndipo mukuoda cha ku Crown Mines, pitani ku Apartheid Museum. Chodabwitsa n'chakuti ili pafupi penipeni ndi kasino ya Gold Reef City, ndipo inamangidwa ngati mbali ya lonjezo limene eni kasinoyo anapereka pofuna chiphaso. Inatsegulidwa mu 2001. Pageti tikiti yanu imakuuzani ngati mulowere khomo la azungu kapena la anthu amene si azungu, monga zinkakhalira masiku amenewo, ndipo inu ndi mnzanu mukhoza kulekanitsidwa pomwepo. M'kati muli zitupa zimene anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo, muli galimoto yankhondo ya Casspir imene apolisi ankalowa nayo m'makomboni, muli chipinda chimene zingwe zopachikira anthu zikulendewera kudenga. Ife amene moyo wathu uli pa chidindo cha pa boda, nkhani ya zitupa timaimva msanga kuposa mlendo wochokera ku London. Patulani maola awiri kapena atatu. Pafupi pomwepo pali paki ya Gold Reef City imene inamangidwa pa mgodi wakale wa golide wa Crown Mines, kwa ofuna kuona mmene mgodi unkaonekera.

Ngati mwagona pafupi ndi Park Station, kuwonjezera pa Newtown kuli Constitution Hill, chakumtunda pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow. Inali ndende. Mahatma Gandhi anatsekeredwako, Nelson Mandela anatsekeredwako, ndipo mbali yotchedwa Number Four ndi imene ankaunjikamo amuna akuda, ambiri mwa iwo chifukwa cha zitupa zomwezo. Lero pamalo omwewo pali khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, limene linatsegulidwa mu 2004, ndipo njerwa zina za ndende yakaleyo anamangira khotilo. Ngakhale pali pafupi, kwerani galimoto yoitanitsa pafoni, musayende wapansi ndi chikwama.

Ngati muli ndi tsiku lathunthu, makamaka inu madalaivala a Loweruka ndi Lamlungu, pitani ku Soweto. Mabasi a Rea Vaya amachoka m'tauni kupita kumeneko. Ku Orlando West kuli msewu wa Vilakazi, komwe kuli nyumba nambala 8115 imene Mandela ankakhala, ndipo mumsewu womwewo mulinso nyumba ya Desmond Tutu. Kuyenda pang'ono mufika pa Hector Pieterson Museum, yokumbukira ana asukulu amene anaomberedwa pa 16 Juni 1976 pokana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Chithunzi chija chimene Sam Nzima anajambula, mnyamata atanyamula mwana woomberedwa, ana athu amachiona m'mabuku a kusukulu. Tangoganizani kubwera kunyumba n'kuuza mwana wanu kuti ndinaima pamalo pomwepo. Okonda mpira, bwalo la FNB ku Nasrec, komwe kunaseweredwa fainolo ya World Cup ya 2010, lili chapakati pa tauni ndi Soweto.

Ndipo musaganize kuti kuyenda kotere n'kutaya tsiku la geni. Mu Vilakazi muja tinaphunzira mmene anzathu amayalira malonda kuti wodutsa aime, mmene amalankhulira ndi alendo, ndi zinthu zimene alendo amagula. Mmodzi wa ife anaona kuti nsalu ndi ziboliboli zimayenda malonda kumeneko, ndipo pano sapitanso ku Joni ndi zikwama zopanda kanthu, amanyamula zogulitsa popita, n'kuoda pobwera. Pa makina a juga palibe chimene ungaphunzire chokathandiza pa tebulo lako ku Makoni kapena ku Chikwanha.

Tsopano malangizo a kayendedwe, monga mwa zimene taona. Musanapite kulikonse, ndalama ya katundu ichoke m'manja mwanu. Lipirani kwa wogulitsa amene mumamudziwa, akupatseni lisiti, ndipo tikiti ya basi yobwerera muguliretu. M'thumba mutsale ya thiransipoti, ya pageti ndi ya chakudya basi. Mitengo ya pageti ndi masiku otsegulira zimasintha, ndipo malo ena satsegula tsiku lililonse, choncho funsani kapena yang'anani pa intaneti musananyamuke. Yendani awiri kapena atatu, foni isakhale pamanja m'misewu ya m'tauni, ndipo dzuwa lisanalowe mukhale mutabwerera pogona. Pasipoti ikhale pathupi panu, chifukwa apolisi akhoza kukufunsani paliponse.

Werenganinso masiku amene anakudindirani pa Beitbridge. Kuyambira mu 2014, munthu akapitirira masiku ake ku South Africa salipiritsidwanso faindi pa boda, amaletsedwa kulowa m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati wapitirira kuposa pamenepo. Apa ndi pamene juga imapha geni kawiri. Munthu waluza ndi ya basi yomwe, akudikira kuti abale amutumizire, masiku n'kutha, kufika pa boda chidindo cha chaka chathunthu. Mpamba wapita, njira yokaupezeranso yatsekeka.

Inu achimwene a mathiraki, thiraki ya eni musaisiye pamsewu chifukwa cha ulendo wokaona malo. Ikhale m'yadi ya alonda, abwana adziwe kumene muli, ndipo ngati n'kotheka sinthanani, ena atsale ena apite. Ndalama ya mafuta ndi ya matoligeti si yanu, musaiyese mwayi. Komanso tisanamizane kuti vuto lili m'nyumba zowala zokhazo. Kandege kaja ka pafoni kamatha ndalama munthu ali chigonere m'kabini pa mzere wa pa boda, ndipo masamu ake ndi omwe aja tawerenga pamwambapa.

Chomaliza n'cha ife anzake a munthu. Mnzathu uja sanagwe yekha, tinamuombera m'manja. Mukaona mnzanu wa ulendo umodzi wakhala pa makina ndi ndalama imene mukudziwa kuti ndi ya maoda, musaope kumukwiyitsa. Muuzeni kuti achimwene, dzukani, kapena amayi, tiyeni tizipita. Akwiya lero, koma akakwera basi ndi katundu wa eni.

Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Masiku athu ku Joni ndi owerengeka, ndipo tsiku lodikira silibwera ulendo uliwonse. Likakupezani, kaoneni kumene agogo anu anagona, kaoneni kumene ana a ku Soweto anaima, mujambulitse zithunzi zoti mukhoza kuonetsa akazi anu, amuna anu ndi makasitomala anu popanda kubisa kanthu. Ndipo tikamadutsa pa Masvingo, tizikumbukira kuti Great Zimbabwe ili makilomita pafupifupi 30 okha kuchoka pamenepo, koma ambirife taidutsa zaka ndi zaka osapatuka. Ife tagwirizana kuti ulendo wina tidzatsika.

Amene mukudziwa malo ena abwino oti munthu n'kupitako pa tsiku lodikira, kaya ku Durban, ku Beira, ku Lusaka kapena ku Dar es Salaam, tiuzeni tiphunzire nawo. Muyende bwino nonse, tionana pa boda.